Socket yokana kuyenda pa Windows: yankho kwa achimwene a ku Mayfair

Achimwene ena ogwira ntchito pa shopu ku Mayfair, kuno ku Johannesburg, anditumizira imelo. Akuti alemba kapulogalamu ka C koti kompyuta ya pa till, ya Windows, izitumiza zogulidwa ku kalaputopu kakale ka Linux kuseri, koma code yoyenda bwinobwino pa Linux ikafika pa Windows ikukana, ndiye library yopepuka ndi iti?

Ikana ndithu achimwene. Ma socket, makomo omwe mapulogalamu amalankhulirana pa netiweki, anachokera ku yunivesite ya Berkeley, mu Unix yawo yotchedwa 4.2BSD chaka cha 1983, Windows inatengera komweko koma inapotoza tina ndi tina. Kumeneko muyambe mwayitana WSAStartup, mulumikize ws2_32, potseka ndi closesocket osati close, zikavuta mufunse WSAGetLastError osati errno. Komanso socket ikakanika kutseguka imabweza INVALID_SOCKET, ndiye ka if kanu koyang'ana ngati nambala yatsika pansi pa 0 sikagwira kanthu.

Ngati mukhalabe pa C tengani libuv, yomwe Node.js imayendera, pansi pake imasankha yokha njira yoyang'anira ma socket ambiri: epoll pa Linux, kqueue pa macOS, IOCP pa Windows. A C++ ali ndi Asio, ma header okhaokha. Koma kunena zoona makompyuta awiri okha ine sindingavutike nazo, ka header kamodzi ka #ifdef _WIN32, kosiyanitsa code ya Windows ndi ya Linux, kakwana.

Pomwe mudzalire si pamenepo ayi. TCP, njira yomwe ma socket amatumizira data, siidziwa pomwe uthenga wathera, imangothira ma byte ngati madzi a pa mpopi, mutumiza mauthenga awiri recv, yolandirira uthenga, ikupatsani umodzi ndi theka, theka linalo libwera kenako, ndipo poyesa pa kompyuta imodzi zimaoneka zabwino mpaka tsiku lomwe shopu yadzadza. Library siikukonzerani zimenezi. Kutsogolo kwa uthenga uliwonse ikani ma byte 4 onena kutalika kwake, adutse mu htonl kuti makompyuta onse awiri awawerenge mofanana, mbali inayo iziwerenga mpaka akwane.

Ndiye pali nkhani ya kuzima kwa magetsi, ngati nthawi ya load shedding. Rauta ikazima laputopu imatsala pa batire, socket ili phee ngati zonse zili bwino, ine inandipusitsapo usiku wonse. Muzitumizirana kauthenga kakang'ono pafupipafupi, kakasowa tsekani mulumikizenso. Pa Linux musaiwale MSG_NOSIGNAL pa send, apo ayi mukatumiza pa socket yoti yaduka kale, chizindikiro cha SIGPIPE chipha pulogalamu osatsanzika n'komwe.