Njerwa za pa HHI si zolembapo mayina

Mdzukulu wanga wa ku Ndirande wandibweretsera nkhani. Akuti Loweruka lapitali anaperekeza ukwati wa mnzake kukajambulitsa zithunzi pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, pa HHI (Henry Henderson Institute) mu Blantyre muja, ndipo mnyamata wina anatulutsa kiyi n'kuyamba kukanda dzina lake pa njerwa ya nsanja. Iye atamuletsa, mnyamatayo anati, "Nyumba ya azungu iyi, ukuiikira kumbuyo chifukwa chani?" Anthu anaseka, iye n'kusowa chonena. Ndiye akufunsa kuti, agogo, kodi ndinalakwa?

Sunalakwe, mdzukulu wanga. Linakusowa ndi yankho chabe.

Mzungu analipodi. Anali mbusa wa ku Scotland, David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo zomangamanga, yemwenso mu 1892 anatulutsa buku lotanthauzira mawu a Chimang'anja. Ntchito inayamba mu 1888, tchalitchi n'kutsegulidwa mu 1891. Koma kodi mbusa mmodzi angaponde dothi la nyumba yonse ija? Oponda dothi, oumba m'zikombole, otema nkhuni zowotchera uvuni, osenza njerwa mpaka pamwamba pa nsanja zija anali anthu a konkuno, ana a m'midzi ya kwa Kapeni ndi ina yozungulira. Iwonso anali asanamangepo chinyumba chotero. Ankaphunzira njerwa ili m'manja.

Ukapitanso, usathamangire kujambula. Ima kaye, uyang'anitsitse khoma. Njerwa zake si za mtundu umodzi ayi: zina n'zopindika, zina zozokotedwa, ndipo mtundu uliwonse unali ndi chikombole chake chosemedwa pamtengo. Ine ndi malemu agogo ako aakazi tinajambulitsa pakhomo pomwepo tsiku la ukwati wathu, jekete langa lili lobwereka, ndipo njerwa zimene zili kumbuyo kwathu pachithunzicho ndi zomwezo anazikanda mnyamata uja. Anthu amene anazisenza ambiri mayina awo sitiwatchula n'komwe lero. Sanalembe. Ndiye abwere mwana wa dzulodzuloli, wosasenzapo ngakhale chidutswa, akhale iyeyo wosiya dzina pamenepo?

Paja dzina loti Blantyre nalonso n'lobwera. Amishoni anafika mu 1876 natcha malowo dzina la kwawo kwa David Livingstone. Ife okalamba timatibe Kabula. Koma sindinamvepo munthu akuti mzindawu si wathu chifukwa dzina lake linaoloka nyanja.

Pamene ndikukudzudzula ndi apa. Unamukalipira pagulu, atsikana akuona, ndipo mnyamata akachita manyazi amalimba khosi ngakhale akudziwa kuti wapalamula. Ukanamukokera pambali ngati ukufuna kumunong'oneza za mphatso ya akwati. Komanso ndikufunse: mutafika, munalonjera aliyense? Munapempha kwa oyang'anira malo, kapena munangotsika m'galimoto ndi nthungululu? Paja ndi pamalo opempherera, si pabwalo la mpira. Chipewa chimavulidwa, mawu amatsitsidwa, ndipo mabotolo a zakumwa amabwerera nanu.

Lamulungu likubwerali udzanditenge, ubwere nayenso mnyamatayo ngati angalole. Usamuuze kuti kuli mlandu. Umuuze kuti pali nkhalamba ina yofuna woigwira dzanja pa masitepe, mawondowa anatha. Ndalama ya minibasi ndilipira ine.