Madzi a pampopi pachilonda: mpopi wake uti?

Mtsikana wina wophunzira unamwino kuno ku Chipata wandilembera imelo. Aphunzitsi amupatsa pepala la kafukufuku lonena kuti madzi a pampopi amatsuka chilonda bwino ngati salaini (madzi a mchere a kuchipatala), ndiye akufunsa kuti aliunike bwanji, nanga alikhulupirire?

Mwanawe, wandikumbutsa zowawa. Nditangoyamba ntchito ananditumiza ku kiliniki ina yakumudzi kumene salaini inkatha mwezi usanafike pakati. Kunkabwera agogo ena a chilonda cha pamsongolo, atachimanga ndi kansanza ka chitenje, mkati atathiramo phulusa. Ukamasula, nsalu yamatirira, mafinya akuchucha, ntchentche zafika kale. Mkulu wathu wina anachokera kumsonkhano ndi mawu omwewo akuti kafukufuku wati madzi wamba ndi okwanira. Koma madzi athu tinkatunga pachitsime cha kudambo, pafupi ndi pomwera ng'ombe, ndipo m'dzinja ankachita kufiira. Ine ndinkawawiritsa pambaula n'kuwasiya azizire mu poto wovundikira. Ankandinena kuti ndikutha makala pachabe.

Pepala lako silikunama ayi. A Cochrane, amene amasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri, sanapeze umboni woti madzi a pampopi amawonjezera matenda pachilonda, komabe ananena kuti umboniwo ndi wofooka, ndipo madzi amene akunena ndi aukhondo, oti munthu n'kumwa. Mawu amenewa ndi amene amagwera panjira nkhani isanafike kumudzi. Chimandipsetsa mtima n'chakuti ovutika ndi agogo aja, osati wonyamula pepala.

Za uchi n'chimodzimodzi. Inde, pali umboni woti umathandiza zilonda zamoto zosazama kupola msanga, koma uchi wa kuchipatala amaupha tizilombo usanaikidwe pachilonda. Si uja wa m'botolo la pamsika wa Kapata, wosadziwika kuti wadutsa m'manja mwa yani. Ngakhale mfundo yoti chilonda chimapola msanga chikakhala chonyowa pang'ono inayambira pa nkhumba, pamene wasayansi George Winter ankaziyesa mu 1962. Inadzatsimikizika pa anthu pambuyo pake, ndipo ndiwo mtunda umene pepala lililonse liyenera kuyenda.

Usandimve ngati ndikunyoza kafukufuku. Mu 2016 a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anati mu Africa amayi ofika 20 pa 100 alionse obereka mwa opaleshoni amadwala chilonda, ndipo analetsa kumeta wodwala ndi lumo asanalowe m'fiyeta, chifukwa lumo limasiya timabala tolowera tizilombo. Namwino wokakamirabe lumo chifukwa "tinaphunzira choncho" akulakwira mayiyo. Pamenepo sindinyengerera munthu.

Tsono pepala lakolo

Usayambire kumapeto kwake. Ona kumene anachitira, odwala anali angati, zilonda zake zotani, kaya zongong'ambika kumene kapena zamgonagona za anthu a shuga. Kodi magulu anawagawa mwamaere? Woyang'ana mafinya ankadziwa kuti uyu watsukidwa ndi chiyani? Angati anasowa kafukufuku asanathe, nanga ndalama anapereka ndani? Fomu ya CASP, yothandiza kuunika mapepala a kafukufuku, ili pa intaneti, mafunso ambiri otere alimo. M'ndime yomaliza ulembe za madzi a ku wodi kumene ukuchitira maphunziro ako, kuti amachokera kuti ndipo amasungidwa m'chiyani.