Bwanji zina zimachedwa kutuluka?

Funso: Ndimaphunzira sayansi kuno ku Mzuzu. Tikamayeza khofi ndi makina a HPLC, bwanji zinthu zina zimatuluka msanga, zina mochedwa?
Wophunzira wa ku Chibavi

Yankho: Mwafunsa bwino. Makina a HPLC amalekanitsa zinthu zosakanikirana pozidutsitsa m'kapaipi. M'kapaipi kameneka muli timibulu tokutidwa ndi C18, yomwe imachita ngati mafuta. Madzi osakaniza ndi methanol (mankhwala amadzimadzi osungunula zinthu) akamadutsa, chokonda madzi monga shuga sichikhalitsa. Caffeine amamatirira ku timibuluto, kuchoka, kumatiriranso, ndiye amachedwa. Mukawonjezera methanol, amafulumira.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi chlorogenic acid wa m'khofimo. Mukathira kaasidi pang'ono m'madziwo, amataya chaji yake yamagetsi n'kukakamira nthawi yaitali. Akatswiri amayerekezera zimenezi pa kompyuta asanayatse makina. Inuyo sinthani chinthu chimodzi chokha, mulembe m'kope mphindi zimene zinthuzo zatenga kuti zituluke, kenako musinthe china.