Kamba wa ulendo wa pabwato ku Boundary Waters

Achimwene, mwafunsa ngati mungasiye mpunga, buledi ndi phala n'kumangodya nyama ndi mafuta, zija akuti low-carb, pa ulendo wanu wa masiku 6 ku Boundary Waters, dera la nkhalango ndi nyanja zambiri ku Minnesota, ku America, kuti katundu apepuke. Ine ndikuti ayi, musakayambire kutchire kadyedwe komwe thupi lanu silikudziwa.

Pa nkhani ya kulemera simunalakwe. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pomwe ya sitachi kapena shuga ili ndi 4 basi. Ndipo mukamapalasa mwapang'onopang'ono pamadzi odekha, thupi limagwiritsa ntchito mafuta ambiri ndithu. Koma ulendo wakumeneko si wongopalasa. Nyanja zake zambiri n'zazing'onozing'ono, ndiye kangapo pa tsiku mumatsika, bwato paphewa, chikwama kumsana, n'kudutsa m'matope ndi m'miyala mpaka nyanja ina. Pamapu njira zimenezi amaziyeza m'ma rod, rod imodzi pafupifupi mamita 5. Mukaona 160, dziwani kuti ndi mamita 800, mwinanso okwera phiri. Pamenepo, komanso mphepo ikakuwombani kumaso masana, minofu imafuna shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo nkhokwe yake ndi yaing'ono, makalori pafupifupi 2,000. Ikatha miyendo imangoti lende.

Kuti thupi lizolowere kudalira mafuta pamafunika masabata angapo. Masiku oyamba limataya madzi ndi mchere, mutu umawawa, munthu amafooka. Mnzanga wina anayamba zimenezi kutatsala masiku atatu kuti tinyamuke ku Ely, tauni ya pafupi ndi nyanjazi. Tsiku lachiwiri nkhafi inali kumulemera ngati mpini wa khasu, mpaka chikwama chake tinasenza ndife. Madzulo ake anadya mpunga osafunsa mafunso.

Ngakhale amalonda a zikopa akale otchedwa voyageurs, omwe ankadutsa m'nyanja zomwezi kupita ku Grand Portage, malo amalonda a m'mbali mwa nyanja ya Superior, atasenza mitolo iwiri ya makilogalamu 40 uliwonse, ochokera ku Montreal ankadya chimanga kapena nsawawa zouma zophika ndi mafuta a nkhumba. Pemmican, nyama youma yosakaniza ndi mafuta, inali ya opita kutali kumpoto. Ndiye ife akuchimanga tichite manyazi ndi phala?

Ine ndimachita chonchi: m'mawa phala la oats kapena la mgaiwa, lothira chiponde ndi mkaka waufa. M'thumba mtedza wokazinga, zipatso zouma ndi nyama youma, kumatafuna pang'onopang'ono osadikira njala, makamaka musanasenze bwato. Madzulo mpunga kapena pasta, koma mafuta ophikira musaumire, ndiwo adzapepukitse katundu mumafuna uja. Nsima imakoma kutchire, kungoti imadya nkhuni ndi nthawi, mphika wakenso kutsuka ndi ntchito.

Ngati mwakhala pa low-carb miyezi ingapo ndipo mumalimba nayo, pitirizani, koma tengani mchere wokwanira ndi zotsekemera pang'ono za pa njira zazitali. Ngati mukumwa mankhwala a shuga, kaonaneni ndi dokotala musanasinthe chilichonse.

Zitini ndi mabotolo agalasi za chakudya saloleza kumeneko, choncho chiponde ndi mafuta muthire m'zapulasitiki zotseka bwino. Usiku zonse muzipachike pamtengo patali ndi tenti, chifukwa fungo la chiponde zimbalangondo zimalimva patali.