Mwaikanso Windows Koma Kompyuta Ikukana Pasiwedi Yanu: Kodi Mufufutenso?

Bambo wina wanditumizira imelo yofotokoza vuto limene lawasowetsa mtendere. Kompyuta yawo yapakhomo inkachedwa kwambiri, choncho wachibale wawo anawathandiza kufufuta zonse zimene zinali pa disiki yaikulu n'kuikamonso Windows 11. Tsiku limenelo zinthu zinayenda bwino, kupatulapo kuti mafoda a pa disiki yachiwiri anakana kutseguka ndipo mapasiwedi amene ankasungidwa mu Chrome sanaonekenso. M'mawa mwake atayatsa kompyutayo, PIN imene akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri inakanidwa, pasiwedi nayonso inakanidwa. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndifufutenso n'kuyambira poyamba?"

Bambo, musafulumire kutero. Kufufutanso musanadziwe chimene chikukana kungakubwezereni pamalo omwewo mawa lake, chifukwa nthawi zambiri Windows imakhala kuti yaikidwa bwinobwino ndipo vuto lagona pa zimene inu mukulemba kapena pa mtundu wa akaunti imene inapangidwa tsiku lija.

Tiyambe ndi PIN. Anthu ambiri amaganiza kuti PIN ndi pasiwedi yaifupi imene Microsoft imasunga kwinakwake, koma si choncho. PIN imamangiriridwa ku kompyuta imodzi yokha, ndipo imatetezedwa ndi kachipangizo kotchedwa TPM kamene Windows 11 imafuna kuti kakhalemo. Pamene disiki inafufutidwa, zonse zokhudza PIN yakale zinapita nawo limodzi. Zili ngati munthu amene wachotsa chitseko ndi loko wake n'kuikapo china, kenako n'kumadabwa kuti kiyi wakale sakutsegula. PIN imene ikugwira ntchito tsopano ndi imene inalembedwa pa nthawi yoika Windows, ndipo ngati amene anali pa kiyibodi anali wachibale wanu uja, n'kutheka kuti analemba manambala ena kuti ntchito ipitirire, n'kuiwala kukuuzani. Muimbireni foni musanachite china chilichonse. Mumufunsenso ngati analowa ndi imelo yanu ya Microsoft kapena anapanga akaunti ya pakompyuta pokha, chifukwa njira zokonzera ziwirizi n'zosiyana kotheratu.

Pansi pa kabokosi kolembamo PIN pali mawu akuti Sign-in options. Mukadina pamenepo, mukhoza kusankha kachithunzi ka kiyi kuti mulembe pasiwedi m'malo mwa PIN. Nthawi zina kachithunziko sikaoneka, chifukwa Windows 11 imatha kubisa njira ya pasiwedi pa akaunti ya Microsoft. Zikatero, dinani pamene palembedwa I forgot my PIN, ndipo mudzafunsidwa pasiwedi ya imelo yanu kenako mudzaloledwa kupanga PIN yatsopano.

Tsopano nkhani ya pasiwedi yokanidwa, imene ndikuikayikira kwambiri pa vuto lanuli. Poika Windows, munthu amafunsidwa mtundu wa kiyibodi, ndipo ambiri amangodina chimene chabwera. Komatu mabatani amodzimodzi amatulutsa zizindikiro zosiyana malinga ndi mtundu umene wasankhidwa. Pa kiyibodi ya ku United States, kukanikiza Shift pamodzi ndi 2 kumatulutsa @, pamene pa ya ku United Kingdom kumatulutsa chizindikiro chogwira mawu, ndipo Shift ndi 3 amatulutsa # kapena £ mogwirizana ndi kusiyana komweko. Ikakhala ya Chifalansa, ngakhale zilembo A ndi Q zimasinthana malo. Popeza pasiwedi imaoneka ngati timadontho, munthu amakhala akulemba zolakwika mobwerezabwereza ali wotsimikiza kuti zala zake sizikuphonya. Lembani pasiwediyo, kenako dinani osasiya kachithunzi ka diso kamene kali kumapeto kwa kabokosiko kuti muone zimene zalembedwadi. Ngati zizindikiro zasokonekera, yang'anani kumunsi cha kumanja kwa sikirini, kumene kumakhala posinthira mtundu wa kiyibodi ngati munaikidwa mitundu ingapo, komanso kumene mungatulutsire kiyibodi ya pa sikirini n'kumadina chilembo chimodzichimodzi. Caps Lock ndi Num Lock muziyang'anenso, ngakhale kuti ndikudziwa kuti munayamba mwaona zimenezo.

Zimene zikuoneka mukadina disolo zikakhala zolondola, tengani foni yanu n'kulowa mu akaunti ya Microsoft ndi imelo ndi pasiwedi yomweyo. Foni ikakana, ndiye kuti pasiwedi mwaiiwaladi, zomwe n'zosadabwitsa kwa munthu amene wakhala akulowa ndi PIN kwa zaka zambiri osailembako. Isintheni pa account.live.com/password/reset, kumene adzakutumizirani nambala yotsimikizira pa foni kapena pa imelo ina imene munalembetsa. Chenjezo langa pano ndi lakuti musachotse nambala ya foni yakale ndi imelo yachiwiri zonse pa nthawi imodzi, chifukwa Microsoft imadikiritsa munthu masiku 30 asanayambe kugwiritsa ntchito zatsopanozo.

Foni ikavomera koma kompyuta n'kupitiriza kukana, pali zinthu ziwiri zoti muone. Choyamba ndi intaneti. Windows imakumbukira pasiwedi yomaliza imene munalowera, ndipo singadziwe kuti mwasintha ngati sinalumikizidwe. Windows yongoikidwa kumene nthawi zina imasowa driver ya Wi-Fi, kapulogalamu kamene kamachititsa kuti Wi-Fi igwire ntchito, choncho kachithunzi ka netiweki kakasonyeza kuti palibe kulumikizana, lumikizani waya kuchokera ku router, kapena lumikizani foni ndi chingwe cha USB n'kugawa intaneti yake. Chachiwiri ndi wotchi ya kompyuta. Deti likakhala lolakwika kwambiri, kompyuta imakana ziphaso zachitetezo za masamba a pa intaneti chifukwa imaona ngati zinatha ntchito kapena nthawi yake sinakwane, ndipo kulowa kumalephereka. Nthawi imaoneka pa sikirini yoyamba musanalembe kalikonse, ndipo mungaikonze mu BIOS, malo osinthira zoikika za kompyuta amene mumalowamo Windows isanayambe. Ikamabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse mukazimitsa, kabatire kozungulira ka pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), kamene kawirikawiri kamakhala CR2032, katha mphamvu.

Akaunti ya pakompyuta pokha ilibe kampani yoti ikuthandizeni. Mukalakwitsa pasiwedi, pamaoneka mawu okukumbutsani ngati analembedwa, komanso mawu akuti Reset password, amene amakufikitsani ku mafunso atatu achitetezo amene anayankhidwa poika Windows. Apanso wachibale wanu ndi amene akudziwa mayankho. Ngati pali akaunti ina yokhala ndi udindo wa administrator, imeneyo ikhoza kusintha pasiwedi yanu. Zonsezi zikakanika, apa pokha ndi pamene ndingavomereze kuti muikenso Windows, popeza disiki yaikulu ilibe kanthu kofunika pakali pano. Ndi bwino kutero kusiyana ndi kukopera pa intaneti timapulogalamu tolonjeza kuthyola pasiwedi, timene tambiri timabwera ndi mavairasi. Koma muyambe mwazula disiki yachiwiri, kuopera kuti mungasankhe yolakwika pofufuta.

Pali vuto lina limene limafanana ndi lanu. Pasiwedi imavomerezedwa, koma pamabwera uthenga wonena kuti mwalowa ndi temporary profile, kutanthauza malo ogwirirapo ntchito ongoyembekezera m'malo mwa anu enieni. Mukaona zimenezo, musasunge fayilo iliyonse pamenepo chifukwa imafufutika mukatuluka. Yambitsaninso kompyuta kangapo, ndipo zikapitirira, gwirani Shift n'kudina Restart, kenako sankhani Troubleshoot, Advanced options ndi Startup Settings, dinaninso Restart, n'kukanikiza 4 kuti mulowe mu Safe Mode (njira yoyatsira Windows ndi zinthu zofunikira zokha), mmene mungapangire akaunti yatsopano.

Za mafoda a pa disiki yachiwiri musade nazo nkhawa, mafayilo anu alipo. Windows sizindikira munthu ndi dzina lake koma ndi nambala yaitali yotchedwa SID, ndipo akaunti yatsopano imapatsidwa nambala ina ngakhale dzina litakhala lomwelo. Mafodawo akudikirabe mwini wake wakale. Mukalowa ngati administrator, kudina Continue pa uthenga wokanawo kumakwanira nthawi zambiri. Apo ayi, dinani foda ndi batani lakumanja, sankhani Properties, Security ndi Advanced, n'kusintha mwini kuti akhale akaunti yatsopanoyo. Zikhala zosiyana ngati disikiyo ikufunsa kiyi ya BitLocker, pulogalamu ya Windows yotsekera disiki yonse. Imeneyo ndi ya manambala 48, ndipo kawirikawiri imapezeka pa account.microsoft.com/devices/recoverykey mukalowa ndi akaunti imene inali pa Windows yakale. Popanda kiyiyo kapena pasiwedi imene munatsekera disikiyo, palibe katswiri amene angaitsegule, choncho musalole munthu kuifufuta mukadali kufufuza.

Mapasiwedi a mu Chrome adzabwerera okha mukalowa ndi akaunti ya Google, malinga ngati munayatsa zoti azisungidwanso ku akauntiyo. Ngati ankasungidwa pakompyuta pokha, anatsekedwa ndi kiyi ya akaunti yakale ya Windows, moti ngakhale mutakhala ndi mafayilo a Chrome amene munakopera, sangawerengeke. Mudzayenera kusintha pasiwedi ya tsamba lililonse palokha, ndipo muyambe ndi imelo, chifukwa mauthenga osinthira mapasiwedi enawo adzafikira kumeneko.