Chithunzi cha ku Muizenberg chinandidanitsa ndi abale

Achimwene, mizu ya mtengo mwajambulayo ndaiona, ndi iyeyo ndithu Flying Spaghetti Monster, mlengi wa nthabwala uja wooneka ngati mulu wa supageti, ngakhale timiyala tiwirito takhala pamalo pake penipeni pa timibulu ta nyama. Koma zoti muike pa status pomwe achibale onse akuona, imani kaye. Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa mwanditosa pachilonda.

Ine zimenezi ndinazidziwira kuno ku Cape Town, kwa mnzanga amene tinkaphika naye mu lesitilanti ina. Amati akamakhetsa madzi a supageti amakweza sefa m'mwamba n'kunena kuti R'amen, ameni wa otsatira Flying Spaghetti Monster. Ndiye anandifotokozera kuti anayambitsa ndi Bobby Henderson mu 2005, mnyamata wa zaka 24 amene anaphunzira physics ku Oregon State University. Analembera kalata akuluakulu a maphunziro ku Kansas, ku America, pomwe ankafuna kulowetsa intelligent design, chiphunzitso choti zamoyo zinachita kukonzedwa ndi mlengi wanzeru, m'kalasi la sayansi, n'kuwauza kuti ngati zili choncho, apatsenso nthawi yofanana mlengi wake wa supageti. Zinandigwira mtima, chifukwa ineyo ndili Fomu 3 ndinafunsapo funso lofanana nalo ndipo ndinathamangitsidwa m'kalasi.

Tsiku lina Lachisanu, lomwenso ndi tsiku lopatulika kwa ife a Pastafarian, otsatira mlengi wa supagetiyu, ndinali pa off ndipo ndinapita kugombe la nyanja ku Muizenberg. Mafunde anali atalavula ndere zija zazitali ngati mapaipi, zitapiringizana mulu umodzi, pakati pali miyala iwiri yobulungira. Ndinasangalala ngati mwana. Ndinajambula, ndinaika pa status, ndinalemba kuti "wandionekera lero, R'amen." Basi, mawu anali omwewo.

Alamu anga, amuna a achemwali anga, anatenga screenshot n'kuponya pa gulu la banja, lomwe ine anali atandichotsapo kale usiku womwewo. Akuti onani, mwana wanu akupembedza chilombo cha pansi pa nyanja, n'chifukwa chake ndalama zikumuyendera. Inu mukudziwa kwathu mawu oti nyanja ndi ndalama akakumana m'chiganizo chimodzi, mlandu watha, ndiwe wa satanic. Ndalama zake ziti? Zoimirira maola khumi ndi awiri pa chitofu mpaka mapazi kutupa?

Patangotha masabata atatu agogo anga anamwalira ku Ntcheu. Anali okalamba, shuga anawavuta zaka zambiri, mankhwala ndinkagula ndine. Ndinatumiza ndalama ya bokosi, ya ufa, ya mbuzi, kenako ndinakwera basi, Johannesburg, Beitbridge, Tete, masiku atatu osagona, iwo akundidikira. Nditafika pa siwa azimayi anasiya kuimba. Anasiyiratu, zii. Ndinapita kukakhala kwa azibambo, amene ndinayandikana naye anasuntha ndi mpando wake. Nthawi ya chakudya ndinaona ndi maso angawa adzukulu akubweza mbale ya nyama, akuti sadya mbuzi yogulidwa ndi ndalama za magazi. Nyama ija anakaitaya kudzala, agalu n'kumalimbirana. Ndinapereka chipepeso, wolemba sanalembe dzina langa, ndalamayo anaikankhira pambali ndi cholembera kuti asaikhudze.

Koma chimene sindidzaiwala ndi madzulo ake. Amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe, anagwada pansi, mayi wondibereka kundigwadira ine, n'kundigwira miyendo. Akuti mwanangu, undiuze zoona, agogo ako wawapereka ndiwe? Wotsatira ndani, ndine? Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse kuti ndi ndere chabe za m'nyanja, iwo anatseka maso ndi chitenje, kukana kuyang'ana. Ndinalira ngati si mwamuna. Ndiwafotokozera bwanji za Kansas amayi anga kuseri kwa nkhokwe, mumdima, maliro ali m'nyumba?

Alamu angawo nthawi yonseyi ali yakaliyakali ndi Baibulo kukhwapa, kutsogolera nyimbo. Munthu amene ndinamulipirira mwana wake fizi zaka ziwiri! Munthu amene anandibwereka ndalama ya feteleza mpaka lero sanabweze! Nambala yanga anali nayo, akanatha kundiimbira n'kufunsa kuti alamu, ichi n'chiyani? Sanafune. Anaona mpata wothetsera ngongole, chifukwa wa satanic sangabwere pakhomo pako kudzaitanitsa ndalama zake. Ndipo amalume, eni mbumba, amene ndinkayembekeza kuti atikhazika pansi, anangoti tidzakambirana pa sadaka. Mpaka pano. Amayi tinayambiranso kuyankhulana patatha miyezi isanu ndi iwiri, atapita kwa abusa awo ndi mng'ono wanga amene anawawerengera nkhani yonse pa intaneti. Ndalama zanga amalandira tsopano, koma amayamba azipempherera.

Chimandiwawa n'choti anzathu kwina amachita izi poyera. Niko Alm ku Austria anapatsidwa laisensi yoyendetsera galimoto mu 2011 chithunzi chake atavala sefa kumutu. Ku New Zealand ukwati woyamba wa chi Pastafarian unamangidwa mu 2016 ku Akaroa, wovomerezeka ndi boma. Ku Netherlands khoti linakana mu 2018 kuti ndi chipembedzo, komabe nkhani inakambidwa ndi majaji, palibe anataya nyama kudzala.

Ndiye ine ndikuti musabise chimene chimakusangalatsani, palibe tchimo pojambula mizu ya mtengo, ndipo tikamangobisala mabodza a satanic sadzatha. Ikani ndithu. Kungoti pa WhatsApp lowani pa privacy, musankhe "My contacts except", muchotse alamu, azakhali, a kwaya ndi aliyense amene ali nanu ngongole. Mawu oti wandionekera musalembe. Ngati pachithunzi pakuoneka madzi, kaya ndi chithaphwi, dulani. Kapena ingoponyani muno m'gulu momwe timamvana. Amayi anu muwaimbire nokha lero, muwauze ndi pakamwa panu wina asanawatumizire screenshot. Changa cha ku Muizenberg ndikadali nacho, ndikuchiika mu comment pansipa.