Yankho kwa achimwene a kalabu yothirira ku Bua

Achimwene, mwati kalabu yanu imapopa madzi mu Bua ndi pampu ya injini, mwalandira kalata yoti chilolezo chanu chikhoza kulandidwa, ndiye mukufunsa ngati boma lingachitedi zimenezi pamtsinje womwe makolo anu ankamwa. Mphamvuzo boma lili nazo ndithu, kungoti silingangodzuka m'mawa n'kukulandani popanda kukumvani.

Lamulo lake ndi Water Resources Act la 2013, lomwe linalowa m'malo mwa la 1969. Limati madzi onse, a m'mitsinje, a m'nyanja ngakhale a pansi panthaka, ali m'manja mwa boma. Dimba likhoza kukhala lanu, koma mtsinje wodutsa m'mbali mwakewo si wanu ayi. Madzi akumwa, ophikira ndi ochapira mumatunga popanda kupempha aliyense. Koma mukangotchera pampu n'kuyamba kuthirira tomato wogulitsa, lamulo lomwe limagwira olima mzimbe ku Dwangwa lakugwirani nanunso. Opereka chilolezo ndi a National Water Resources Authority, ndipo olanda ndi omwewo. Si amfumu, si alangizi, komanso si a Central Region Water Board; awowo ntchito yawo ndi madzi a m'mipopi. Ndiye choyamba yang'anani pamwamba pa kalatayo kuti yachokera kuti.

Zolanditsa chilolezo zambiri n'zodziyambitsa tokha. Kupopa madzi opitirira mlingo wolembedwa pachilolezo, kusamutsira pampu pamalo pena osauza opereka chilolezowo, kugwiritsa ntchito madzi pa china chosiyana ndi chomwe munapempha, kunama polembetsa, kapena kungokhala nacho chilolezo m'chikwama osathirira kwa nthawi yaitali. Koma chomwe chimagwetsa makalabu ambiri, ine ndimaona kuti ndi ndalama yolipirira chilolezo chaka ndi chaka. Anthu amasonkha mokondwa chaka choyamba, kenako msungichuma asintha, malisiti asowa, wina aliyense akuganiza kuti mnzake analipira. Funsani komiti yanu lero lomwe kuti lisiti lomaliza ndi la chaka chiti.

Palinso china chomwe simunalakwe kanthu: chilala. Chilolezo sichilonjeza kuti madzi adzakhalapo. Mtsinje ukatsika kwambiri, boma likhoza kuchepetsa mlingo wanu kapena kukuyimitsani kaye kuti anthu apeze akumwa, pakuti akumwa ndiwo amayamba. Kumeneko ndi kuyimitsa, osati kulanda, ndipo anthu amasokoneza ziwirizi. Bua amachokera ku Mchinji, amadutsa Kasungu, Dowa ndi Ntchisi, aliyense akutapako, pofika kwathu kuno mu Okutobala amakhala atawonda. Kumunsi kwanu kuli a mpunga a pasikimu, ndipo mpasa uja timanyadira nawo umakwera mtsinje womwewu kukaswana. Ine pa ichi sindingawanene a boma. Chilala cha 2016 mukuchikumbukira, nyanja inatsika mpaka magetsi a ku Nkula ankangozimazima.

Tsono apa ndi pomwe muli ndi mphamvu. Ndime 43 ya malamulo aakulu a dziko lino imati ofesi ya boma ikamachita chinthu chokhudza ufulu wanu, itsate chilungamo ndipo ikupatseni zifukwa zake molemba. Kalata mwalandirayo, monga mwaifotokozera, ndi chenjezo, mwayi woti muyankhe. Musaibise pansi pa mphasa. Onani tsiku lomwe akupatsani, yankhani molemba tsikulo lisanakwane, ikanimo mafotokope a chilolezo ndi malisiti, ndipo popereka adinde kope yanu yotsala. Ngati pali ngongole, ivomereni m'kalatamo n'kunena mmene muzibwezera. Zokambirana pafoni kapena zopatsa munthu "ya fanta" kuti nkhani ithe, zisiyeni. Mawa munthuyo akasamutsidwa mutsala opanda umboni.

Akalandabe inu musanamvedwe, kapena osakupatsani zifukwa, mukhoza kudandaula kwaulere kwa Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, kapena kupempha High Court kuti iunikenso chigamulocho, koma kukhothi musachedwe kupitirira miyezi itatu. Pamene nkhani ili mkati, akakuuzani kuti muyimitse pampu, yimitsani, chifukwa kupopa opanda chilolezo ndi mlandu wina pawokha. Pitaninso kuofesi ya zamadzi kukhonsolo ya Nkhotakota ndi kalatayo kuti akuwerengereni bwino zomwe akufuna.